Khutu Lakufa la a Hezekiah

Ku Seke Unit N, ku Chitungwiza kufupi ndi Harare, kuli nyumba ina imene anthu amaidziwa ndi mawaya ake. Waya wina unachokera pamlongoti wa pageti n'kudutsa pamwamba pa mpanda wa simenti mpaka pamtengo wa mapeyala. Wina anaupinda ngati gudumu la njinga n'kuuimika padenga la kachipinda ka kuseri. Ndi kwa a Hezekiah Mbewe kumeneko. Zimene zinachitika panyumbapo m'chisanu chapitachi anthu a mumzeremo amazikamba motsitsa mawu, ndipo amene anaziona pafupi ndi mwana wawo wamkazi, Rumbidzai.

A Hezekiah anabadwira papulazi ya fodya cha ku Mvurwi, kwa makolo ochokera ku Dedza. Ali mnyamata ankasesa m'chipinda cha mzungu wa papulazipo, yemwe madzulo ankakonda kulankhulana ndi anzake a maiko akutali pa wailesi. Kusesa kunasanduka kugwira mawaya, ndipo mawayawo sanawasiyenso. Tsiku lina mphezi inagunda eriyo iwo ali ndi mahedifoni kumutu. Anapulumuka, koma khutu lakumanja linafa tsiku lomwelo. Ukawaitana uli kumanjako ungaganize kuti ndi munthu wamwano.

Mkazi wawo, a Dorica, anamwalira Rumbidzai asanayambe sukulu. Anawaika kumanda a kuseri kwa komboni. Dothi la pamtumbira lisanaume, mapulazi anasokonekera, antchito n'kubalalika. A Hezekiah anakweza ana awo awiri palole, Admire ndi Rumbidzai, wailesi ataikulunga m'bulangete. Kumanda sanapite kukatsanzika. Patapita zaka anamva kuti malo aja anagaulidwa, pamera chimanga.

Madzulo amene nkhaniyi inayamba anali ngati madzulo ena onse. Rumbidzai anatseka tebulo lake la ziwiya za mafoni pamsika wa Makoni n'kubwerera kunyumba ndi kaphukusi m'chikwama. Kanachokera ku Joni kwa Admire, kudzera kwa dalaivala wa basi. Anapeza bambo ake m'kachipinda ka kuseri, atavala chipewa chaubweya.

"Maswera sei, Baba?"

"Ndaswera, mwanawe. Zafika?"

Umu ndi mmene ankalankhulirana, bambo m'Chichewa, mwana m'Chishona. Chichewa Rumbidzai amachimva chonse, koma chikafika palilime chimamulemera.

M'phukusimo munali tizitsulo tiwiri, kalikonse ngati bokosi la machesi. Ena amati mafyuluta. A Hezekiah amati sefa.

Wailesi yawo ili ndi marisiva awiri, zida zolandirira mawu, m'bokosi limodzi. Yoyamba imamwa pawaya wa kumpanda n'kuthira mawu m'khutu lamanzere. Yachiwiri imamwa pagudumu la padenga n'kuthira m'khutu lamanja. Mawu ochokera kutali amabwera mokwera ndi motsika. Akazirala pa eriyo ina, pa inzake amakhala akukwera, choncho womvera ndi makutu awiri sataya kanthu. A Hezekiah anamanga zonsezi podziwa kuti iwo sadzazimva. Anamangira Rumbidzai, atangolandira laisensi yakeyake ya wailesi.

Vuto linali phokoso. Magetsi akathima, mainveta a sola a mzere wonse amalira pa wailesi ngati mafuta m'chiwaya. Sefa zakale zinali zotakata, zolowetsa chilichonse. Zatsopanozi zinali zothina.

"Zofanana zonse ziwiri?" anafunsa a Hezekiah.

"Kampani imodzi, kuthina kumodzi," anayankha Rumbidzai m'Chishona.

"Ndiye bwino. Iwe umati zikasiyana mawu amafika khutu lina mochedwa, n'kumazungulira m'mutu ngati ntchentche m'botolo. Ine wa khutu limodzi ndimangokukhulupirira."

Anaseka onse. Rumbidzai anatsegula bokosi, chifukwa manja a bambo ake anayamba kunjenjemera masiku ano. Anachotsa sefa yakale pa risiva yoyamba n'kuika yatsopano. Akuti agwire yachiwiri, a Hezekiah anamuletsa.

"Isiye kaye. Timve kusiyana kwake."

Magetsi anali atathima kale. Analumikiza kubatire. Rumbidzai anavala mahedifoni. Kumanzere kunali bata, munthu wina wa ku Brazil akuitana ndi mawu ouma ngati ali m'chitini. Kumanja kunali chiwaya chija. Anagwedeza mutu n'kupereka mahedifoni kwa bambo ake.

A Hezekiah anavala. Anamwetulira pomva bata la kumanzere. Kenaka kumwetulira kuja kunatha.

Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuchotsa mbali ya kumanzere pakhutu labwino lija. Mbali ya kumanja anaikanikiza ndi chikhatho, pakhutu lakufa.

"Baba?"

Misozi inatsika n'kulowa m'ndevu.

"Ndi amayi ako," anatero.

Rumbidzai analanda mahedifoni. Kumanja kunali phokoso lokhalokha. Anatseka maso. Pansi pa phokosolo panali kanthu kena. Sanali mawu. Kanali kaphokoso kobwerezabwereza, kofewa, ngati mapazi a munthu pamsewu wa miyala. Ndi kupuma kwa munthu amene wayenda ulendo wautali.

"Ndi inveta ya munthu wina imeneyo," anatero Rumbidzai.

"Akufunsa kuti tinasamukira kuti. Akuti anadzuka n'kupeza komboni kulibe," anatero bambo ake.

A Hezekiah anabwezanso mahedifoni kumutu n'kutenga maikolofoni. Rumbidzai anayang'anitsitsa chala chawo. Batani lotumizira mawu sanalidine. Anangoyandikiza maikolofoniyo kukamwa n'kuyamba kulankhula ndi mawu amene mwana wawo anali asanawamvepo, mawu a mnyamata.

"Amake Admire, ndi ine. Pepani, tinachoka mothamanga. Tsatirani msewu wa ku Harare. Mukafika m'tauni musaope magalimoto. Funsani Seke Road. Mukawoloka mlatho mwayandikira."

Usiku umenewo Rumbidzai sanadye.

Madzulo otsatira zinali chimodzimodzi. Mdima ukangogwira, a Hezekiah ankalowa m'kachipinda kaja, khutu labwino lili pamtunda, n'kumalongosola njira. Nthawi zina ankasiya za njira n'kumakamba zina. Ankati Admire anakwatira, ali ndi ana awiri. Ankati mtengo wa mapeyala anaubzala okha. Ankaseka pang'ono, n'kudikira, n'kusekanso. Rumbidzai ankaima pakhomo atapinda manja. Sefa yachiwiri inali pashelefu. Akaitchula, bambo ake ankati mawa.

Anadziuza kuti ndi ukalamba. Munthu akakhala zaka zambiri ndi chisoni chosatsanzika, mutu umapeka zake. Ndipo bambo ake sanaoneke odwala. Ankadya bwino kuposa kale.

Ndiye tsiku lina pa Makoni, Tarisai, mnzake wogulitsa zovala patebulo loyandikana nalo, anamukodola.

"Iwe, dzulo kwathu ku Zengeza 1 kunadutsa mayi wina wa mtundu wanu. Dzuwa litangolowa. Anandiimitsa pakona."

"Ndani?"

"Sindikumudziwa. Bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, ngati azimayi a kutchalitchi kwanu. Koma nsapato alibe, ndi chisanu chimenechi. Miyendo mbuu ndi fumbi lofiira. Kuno fumbi lofiira choncho angalitenge kuti? Chishona sanalankhule ngakhale liwu limodzi. Ndinangomva kuti Hezekiah. Ndinamulozera cha ku Seke."

"Unamulozera?"

"Nanga ndikanatani? Anali waulemu. Anagwada pothokoza."

Rumbidzai anatseka tebulo dzuwa likadali pamwamba.

Atafika kunyumba anapeza bwalo litasesedwa mpaka kugeti. Bambo ake anali atameta ndevu. Jekete yawo yakuda, yovala pa mgonero ndi pamaliro, inali padzuwa. Anamupempha kuti aisite. Rumbidzai anaisita. Munthu wamkulu akayamba kusesa ndi kusititsa jekete, ndi ulendo wanji umene akukonzekera?

Loweruka masana kunabwera a Sailesi a ku Unit K. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo anakulira limodzi ndi a Hezekiah papulazi paja. Anakana tiyi. Anakhala pampando chipewa chili m'manja, akuchizunguliza.

"Achimwene, ine sindimwa mowa, mukudziwa," anayamba. "Dzulo ndikuchokera kumapemphero, mdima uli pafupi. Mayi wina waima pansi pa getsi lalitali lija, lothima. Akuti, a Sailesi, mwakalamba. Kwa achimwene anu n'kuti? Ine osaganiza, ndinangoti pitani chonchi, mukhote pasitolo, muona mawaya. Nditayenda pang'ono m'pamene ndinazindikira. Amene ankanditcha choncho, kundiseka ukalamba ndili mnyamata, ndi mmodzi yekha. Ndipo bokosi lake ndinanyamula nawo ine."

A Hezekiah anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi ili m'njira.

"Mwachita bwino kuwalozera. Kukhota kwa pasitolo kuja ndinkalephera kukulongosola."

A Sailesi atachoka, Rumbidzai anatenga sefa ija pashelefu n'kuima nayo pamaso pa bambo ake.

"Lero ndiika," anatero m'Chishona. "Ndikaika, khutu lamanja likhala chete ngati linzake. Simuwamvanso, ndipo iwo sakumvaninso."

"Ali pafupi, Rumbi."

"N'chifukwa chake. Ndinotya, Baba. Ndikuopa. Akafika akutengani. Admire ali kutali. Ine nditsala ndi ndani?"

A Hezekiah anamugwira dzanja lomwe linali ndi sefayo n'kulifumbatitsa.

"Ine ndinawasiya kamodzi osatsanzika. Kachiwiri sindingathe. Koma manja ndi ako, makutu ndi ako, wailesi ndinakupatsa kale. Usankhe iwe. Chimene usankhe sindikufunsa. Ine ndikakhala m'nyumba."

Anavala jekete ija n'kulowa m'nyumba yaikulu. Anatseka chitseko.

Dzuwa linalowa. Magetsi anathima mzere wonse. Kutali ana ankaitanidwa kuti alowe, wina akukuwa dzina la galu. Rumbidzai anayatsa tochi ya foni, natsegula bokosi la wailesi. Sefa yakale ya risiva yachiwiri inali pamenepo, yothimbirira, zilembo zake zitafufutika. Kuichotsa inali ntchito yaing'ono kwambiri.

Anaigwira. Anaisiya.

Nkhope ya amayi ake sankaikumbukira. Chithunzi panalibe. Ankakumbukira msana wofunda ndi fungo la utsi wa fodya m'nsalu, basi. Mawu awo anali atawaiwala. Bambo ake, ndi khutu lakufa, anali atamva mawuwo sabata yonse. Iye, wa makutu awiri amoyo, anangomva mapazi.

Anayang'ana risiva yoyamba, mmene munali sefa yatsopano. Anadziwa chimene chinkamulepheretsa kumva. Sefa ziwiri zosiyana, mawu ozungulira m'mutu osakhazikika. Kuti zifanane panali njira ziwiri. Zothina zonse, kapena zotakata zonse.

Anachotsa yatsopano ija. Anabwezera yakale.

Atavala mahedifoni, phokoso linadzaza mbali zonse, koma tsopano linatambasuka ngati bwalo lalikulu, iye ali pakati. Ndipo m'bwalomo, kutali kumanzere, kumbali ya waya wa kumpanda, munali mapazi. Omveka bwino. Phazi lina linkakoka pang'ono.

Mapaziwo anaima.

Tcheni cha pageti chinalira. Rumbidzai anachimva m'mahedifoni. Anachimvanso kunja.

Mapazi aja anayambanso. Anatsata mpanda. Anadutsa pampopi wouma, chidebe chinagwedera. Anadutsa pansi pa mtengo wa mapeyala, masamba ouma akuphwanyika. M'mutu mwa Rumbidzai mapaziwo ankachoka kumanzere pang'onopang'ono, kubwera pakati. Chitseko cha kachipindako chinali kumbuyo kwake, chotsekedwa koma chosakhoma. Sanacheuke.

Phokoso la mainveta linazirala lokha, ngati wina wachotsa chiwaya pamoto.

"Odi."

Anali mawu a mayi wamng'ono, wotopa, wamanyazi pang'ono ngati mlendo wofika nthawi ya chakudya.

Kuseri kwa khoma, m'nyumba yaikulu mmene munalibe wailesi kapena mahedifoni, a Hezekiah anayankha.

"Odini, amake Admire. Mwafika."

Kupuma kuja kunali pafupi kwambiri tsopano, pakatikati pa mutu wake. M'chipindamo munamveka fungo la fodya wouma m'shedi.

"Tiyamike," mawu aja anatero. "Ndiwe?"

Dzinali palibe analitchulapo chichokereni papulazi. Ndi limene amayi ake anamupatsa. Atafika ku Chitungwiza bambo ake analitembenuza kukhala Rumbidzai polembetsa sukulu, kuti anzake asamamuseke kuti ndi mlendo. Iye mwini anali ataliiwala, kufikira pamene analimva.

Anafuna kuyankha m'Chishona, koma anakumbukira zimene Tarisai ananena, kuti mayi uja sanalankhule Chishona. Anafunafuna mawu pansi pa lilime, limodzilimodzi, ngati munthu wotola mikanda mumdima.

"Ndine, amayi."

"Wakula. Msana wako ndi wa agogo ako."

"Amayi, musawatenge abambo. Chonde. Ndatsala ndi iwo okha."

Kunamveka kaseko kakang'ono, kopanda mphamvu.

"Ndiwatengere kuti, mwanangu? Kumene ndinagona analimako. Ndilibe kwina. Ndabwera kudzakhala, ngati malo alipo."

Rumbidzai analira ngati mwana. Analira mapewa akugwedera, mahedifoni ali kumutu. Pamene ankalira anamva kanthu pamutu pake, pamwamba pa lamba wa mahedifoni, kozizira, kopepuka, kakusisita tsitsi kuchokera pamphumi kupita kunkhongo.

"Malo alipo," anatero.

Mapazi aja anachoka pakati n'kubwerera pang'ono, cha ku nyumba yaikulu. Chitseko cha kumeneko chinalira. Phokoso la mainveta linabwerera.

Anakhala m'kachipindamo mpaka batire linatha. Ankaopa kukaona. Kuseri kwa khoma ankamva mawu a bambo ake, otsika, akulankhula n'kudikira, kulankhula n'kudikira. Mawu amenewo akamveka, ankadziwa kuti akadali moyo. Tulo tinamugwira ali pampando.

Anadzidzimuka kukuyera. Anathamangira m'nyumba. A Hezekiah anali pasofa, jekete ili pathupi, mutu utagwera chambali, pakamwa pali yasa. Rumbidzai anaima pakhomo osapuma. Kenaka anamva mkonono.

Anakhala pansi pomwepo, pasimenti yozizira, n'kuseka misozi ikutuluka. Bambo ake anatsegula diso limodzi.

"Bwanji ukusokosa m'mawa? Anthu atopa ndi ulendo. Teleka madzi ambiri lero."

M'nyumbamo munalibe wina aliyense. Koma kuchokera pakhomo mpaka pasofa panali fumbi lofiira, ndipo Rumbidzai sanalisese tsiku limenelo.

Mai a Nomatter, a nyumba yoyang'anizana nayo, ndi amene anafalitsa zotsalazo. Akuti m'bandakucha akupita kukaima pamzere wa kumjigo, anaona mayi wovala zoyera atakhala pakhonde la a Hezekiah, miyendo atatambasula, akudzisisita mapazi. Anamupatsa moni poganiza kuti ndi mlendo wochokera kumudzi. Mayiyo anawomba m'manja mwaulemu. Pobwera ndi madzi, pakhondepo panalibe munthu, ndipo geti linali lokhoma ndi loko m'kati.

Anthu amanena zosiyanasiyana. Ena amati anali wamisala wongoyendayenda, ndipo a Sailesi maso anawanamiza. Ena amati mawaya aja amakoka zinthu zosayenera, a khonsolo akanawachotsa. Achikulire a ku mpingo, amene anachoka m'mapulazi nthawi imodzi, sanenapo kanthu. Angapo a iwo anabwera mwakachetechete kudzafunsa Rumbidzai ngati wailesiyo ingamve cha ku Mvurwi, cha ku Centenary, cha ku Raffingora, kumene nawonso anasiya awo. Iye amawapatsa mpando ndi mahedifoni. Sefa anasiya zotakata zonse ziwiri. Phokoso ndi lambiri, ndipo anthu a maiko akutali amawamva movutikira, koma sadandaula.

A Hezekiah akadali moyo, ndipo ananenepako. Ku wailesi salowa kawirikawiri masiku ano. Dzuwa likapendeka amakhala pakhonde, kumapeto kwa benchi, mbali ina atasiya malo. Azimayi a mumzeremo akamadutsa ndi zidebe zawo amati, "Maswera sei, Sekuru?" Mkuluyo akayankha, iwo sachoka msanga. Amatsitsa maso, n'kuperekanso moni wachiwiri, motsitsa mawu, kenaka n'kumapita.